Dokotala Strachan, Munthu Wosakhala Pansi

A Ewan Strachan anabadwa mu 1941 ku Arbroath, m'dziko la Scotland, m'banja la asodzi opemphera. Ali mwana, mayi awo ankachita kuwagwira bondo m'tchalitchi chifukwa sankakhazikika pabenchi. Atamaliza maphunziro a udokotala anapita ku chipatala china cha mishoni m'boma la Kasungu, kumene anatha zaka makumi awiri akufufuza matenda a kaodzera. M'mawa ankalowa m'tchire kukatchera ntchentche za kashembe, masana n'kumayeza magazi a odwala.

Mankhwala a nthawi imeneyo anali aukali. Ankachiza ambiri, koma ena ankafa nawo. Mtsikana wina, Mwayiwathu, anamwalira atamubaya jakisoni ndi dzanja lawo. Pamaliro ananyamula nawo bokosi, nagwada kupepesa kwa makolo. Makolowo anakhululuka, koma a Strachan mtima sunakhale m'malo. "Mulungu anandikhululukira," ankatero, "koma sanandiuze kuti ndipume."

Mkazi wawo Etta atamwalira, anasamukira ku Romford, tauni ina ya kunja kuno. Ife, anthu a kumudzi okhala kunja kuno, tinawadziwa mu 2009, atatulukira pa mapemphero athu a Chichewa ku Ilford, nayimba nafe nyimbo zonse osayang'ana m'buku. Kuyambira pamenepo ankangokhalira m'basi ndi m'sitima, kuzonda odwala athu.

Mbale wathu Overton wa ku Croydon ankatsokomola magazi, koma ankakana kupita kuchipatala poopa kuti analibe mapepala omuloleza kukhala m'dziko muno. A Strachan, ali ndi zaka 78, anamulondola mpaka kunyumba.

"Adokotala, ndikangopita andigwira," anatero Overton.

"Chifuwachi chakugwira kale, mwana wanga. Vala jekete. Sindikusiya mpaka akuone."

Anadikira naye maola asanu ndi limodzi, akuyendayenda m'khonde, milomo ikupemphera. Chinali chifuwa chachikulu. Overton anachira.

Chaka chatha sitiroko inawafoola miyendo a Strachan. Anavutika nazo kwambiri, ndipo tsiku lina tinawapeza akulira, akumenya bedi ndi chibakera. Kenaka anapempha foni, nayamba kuimbira odwala mmodzimmodzi, kuwakumbutsa mankhwala ndi kupemphera nawo.

Lamlungu lawo lomaliza tinapita kukawayimbira. Pakati pa nyimbo anakweza dzanja, nafunsa mmodzi wa ife.

"Mayi Cathrine, mwana wanu uja amuyeza magazi?"

"Amuyeza, adokotala. Ali bwino."

"Chabwino. Pitirizani."

Tinapitiriza. Pamene tinkamaliza ndime yachitatu, anali atapita kwa Ambuye wawo, nkhope ili phee.

Lero mumpingo mwathu muno palibe amene amapita yekha kuchipatala. Mzimu wawo uuse mumtendere.