Khoka la Mlamu Wanga

Ndinadzuka tambala asanalire, m'chiuno mukuwawa chifukwa chogona pansi m'siwa. Nyimbo zinali zitazilala. Mng'ono wanga Elube anali chikhalire kumutu kwa mwamuna wake, Yohane, yemwe chibayo chinamutenga sabata isanathe. Ndinatuluka kukasonkha moto. Mwera unkawomba, utsi wonse ukuthera m'maso mwathu.

Munali m'zaka za Chitaganya, ndipo ku Bua kwathu munthu wokhala ndi khoka lakelake ankawerengedwa. La Yohane linali loyanika pamitengo kuseri kwa nyumba. Ulusi wake anachita kusolola m'matayala akale a galimoto, ndipo Elube ndi amene anaupota pantchafu mpaka khungu kusupuka. Khoka limenelo ndilo linkadyetsa ana awo anayi.

Dzuwa litakwera, anthu anayamba kufika, ena pangalawa, ena wapansi, amayi atasenza mpunga ndi ufa wa kondowole. Kenaka anafika akulu ake atatu a malemu, alimi a ku Dwambazi, omwe sanapondepo pakhomopo nthawi yonse ya matenda. Kulira kwake, abale! Wamkulu anadzigwetsa pansi n'kumagubuduka. Koma ine ndinamuona. Akupukuta misozi, diso linali kuseri kwa nyumba.

Ndinakanong'oneza amalume. Anandiyankha kuti, "Iwe, usatiyambitsire nkhani mtembo uli m'nyumba. Katundu timakamba tikameta." Ndinabwerera kumoto, poti mwambo ndi umenewodi.

Adzukulu atatumiza mawu kuti manda atha, aphunzitsi a ku mishoni anawerenga mapemphero ndipo tinanyamuka. Mchenga unkaotcha kumapazi. Ndinagwira Elube mkono njira yonse. Kumanda, ataitana akuchimuna kuti aponye dothi, anthu anayang'anana. Panalibe ndi mmodzi yemwe. Anaitananso kachiwiri, zii. Dothi anaponya ndi msodzi wina wa kumpoto, mnzake wa malemu, manyazi atamugwira ngati wolakwa ndi iye.

Pobwerera tinawapeza akulu a malemu aja atakhala pamthunzi, chikwanje chili pambali. Anali atatsitsa khoka lija n'kulidula zigawo zinayi zofanana bwinobwino. Zitatu anali atazikulunga kale m'mitolo.

"Mlamu," anatero wamkulu uja kwa Elube, "ulendo wathu ndi wautali, sitingadikire kumeta. Koma ife si anthu olanda ayi. Chanu ndi icho."

Asodzi amene analipo anangogwira pakamwa. Khoka lodula ndi chiyani? Akanaliba lathunthu, bwenzi tikunena kuti likudyetsa ana a wina. Koma anthu olima chinangwa, osadziwa n'komwe kupalasa bwato, analigawana ngati nyama ya mbuzi. Ndinawalalatira mpaka mawu kundithera, amayi anzanga akundikoka nsalu. Iwo anasamba m'manja, anadya mpunga wathu mpaka kupempha wina, n'kusenza mitolo yawo. Mpaka lero ndikawakumbukira, malovu amandiwawa m'kamwa.

Madzulo anthu anabalalika. M'nyumba munangotsala mphasa ndi fungo la utsi. Ana anagona. Elube sanalire. Anatambasula chigawo chake chija pamiyendo, akutsata mfundo zake ndi chala, imodziimodzi. Atatero kwa nthawi yaitali, anachipinda n'kundipatsa.

"Achemwali, tengani," anatero. "Mukavindikire anapiye anu, akabawi angawatole."