Chaka Chimene Amayi Anasiya Kundimalizira Mawu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinataya kuponi ya amayi anga ndisanaigwire n'komwe m'manja.

Kwathu ndi kufupi ndi Santhe, kumene dziko ndi lathyathyathya moti ukakwera pa chulu umaona zigafa za fodya za midzi itatu. Bambo anali atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo pakhomo tinatsala atatu: amayi, ine, ndi mlongo wanga Ganizani wa zaka zinayi. Tinkalima chimanga, mtedza ndi kamunda kochepa ka fodya.

Ine ndinakula ndi chibwibwi. Mawu ankabwera bwinobwino m'mutu, koma pofika pa lilime ankatitimira ngati ngolo m'dambo. Kusukulu anzanga ankanditcha Mthuthuthu, ati ndikamayankhula ndimamveka ngati njinga yamoto yokana kulira. Amayi ankandimvera chisoni, ndipo chisoni chawo chinali chofulumira. Ndikangoyamba kulimbana ndi liwu, iwo ankalimaliza. Mlendo akandipatsa moni, yankho linkachokera kukhitchini: "Akuti ali bwino." Kugolosale ndinkangoloza ndi chala. Ndinazolowera, ndipo ndinkaona ngati moyo wanga wonse udzayenda choncho.

Zinali zaka za makuponi. Kapepala kamodzi kankatsegulira munthu njira yogula feteleza wotsika mtengo, ndipo kwa mayi wamasiye ngati amayi anga, kapepalako kankatanthauza nkhokwe. Mwezi wa Novembala chaka chimenecho Ganizani anadwala malungo aakulu mpaka anamugoneka kuchipatala cha ku boma. Asanakwere matola, amayi anandimangira chiphaso chawo cha voti pansonga ya chitenje.

"Elita, Lachinayi akugawa makuponi pabwalo la sukulu. Akatchula dzina langa uimirire, uonetse chiphasochi, unene kuti ndili kuchipatala ndi mwana. Basi. Wamva?"

Ndinagwedeza mutu.

Lachinayilo dzuwa linatentha ngati lili ndi chifukwa. Anthu a midzi yambiri anadzaza pansi pa mitengo ya mango, ndipo mlangizi wa zaulimi anakhala patebulo ndi mapepala ake, thukuta likutsika pansi pa kapusi. Nditadikira mpaka miyendo kuchita dzanzi, ndinamva akufuula kuti, "Esinati Banda!"

Ndinaimirira. Ndinkafuna kunena kuti ndine mwana wawo. Chimene chinatuluka chinali "Nd... nd... nd..." Nsagwada zinauma, maso anatsinzina okha. Mnyamata wina kumbuyo anafuula kuti, "Ikankheni, mwina ilira!" ndipo bwalo lonse linafa ndi phwete. Mlangizi sanali munthu wankhanza, anali wotopa chabe. Anati, "Mwanawe, ngati ulibe chonena khala pansi. Esinati Banda, kachiwiri!"

Ndinakhala pansi. Chiphaso sindinachimasule n'komwe. Anthu a m'mudzi mwathu analipo, ndipo ankadziwa kumene amayi anali, koma makuponi anali ochepa kuposa manja owafuna, ndipo kujomba kwa mmodzi kunali mwayi wa wina. Palibe anatsokomola.

Amayi anabwera Loweruka, Ganizani atachira. Atandifunsa, ndinayankha kuti, "Dzina silinatuluke." Mpaka lero zimandidabwitsa kuti bodza limenelo linatuluka mosalala, osapunthwa pa chilembo ngakhale chimodzi. Amayi anandiyang'ana pang'ono, kenaka anapita kukaanika zovala za kuchipatala.

Mvula inagwa, tinadzala. Pofika Khirisimasi chimanga cha anzathu chinali chitada bii, chathu chili chachikasu ngati chadwala. Tinathirako manyowa a m'khola la mbuzi, koma anangokwanira mizere ya kufupi ndi njira. Tsiku lililonse ndikamapalira ndinkaona ngati phesi lililonse likundiloza.

Bambo anatisiyira chizolowezi chimodzi. Tsiku lomaliza la chaka, tikaweruka kumunda masana, tinkakhala pa chulu cha pakati pa munda, ndipo aliyense ankanena chimene chamukomera m'chakacho, chimene walakwitsa, ndi chimene akufuna kuchita chaka chinacho. Bambo atapita, amayi sanachisiye. Kawirikawiri gawo langa linkatha msanga chifukwa amayi ankandithandiza kunena. Tsikulo Ganizani ananena kuti chamukomera ndi fanta amene anamwa kuchipatala, ndipo sanalakwitse chilichonse. Tinaseka, iye n'kutsetserekera pansi kukathamangitsa ziwala.

Itafika nthawi yanga, ndinayang'ana chimanga chachikasu chija ndipo ndinalephera kupirira. Zinanditengera nthawi yaitali, misozi ndi mamina zikusakanikirana, koma ndinanena zonse: kuti dzina linatuluka, kuti ndinaimirira, kuti anthu anaseka, kuti ndinawanamiza. Chodabwitsa, amayi sanandimalizire liwu ngakhale limodzi. Anangokhala akuchotsa dothi pa khasu lawo ndi kamtengo.

"Ndinamva tsiku lomwe ndinafika, pamjigo," anatero. "Ndimadikira kuti unene wekha."

"Nanga b-b-bwanji simunandikalipire?"

"Ndikukalipire chiyani? Tsopano imva changa chimene ndalakwitsa, osati chaka chino chokha. Lilime lako ndalibereka kumsana kuyambira uli wakhanda. Mwana wosatsika kumsana angayende bwanji? Kenaka tsiku limodzi ndinangokutula pabwalo, pamaso pa midzi yonse, ndikuti thamanga. Mlandu wa kuponi tigawana, Elita."

Ndinali ndisanamvepo munthu wamkulu akuvomera kulakwa kwa mwana. Ndinasowa poyang'ana.

"Chaka chikubwerachi sindikumaliziranso mawu, ngakhale dzuwa lilowe tili pa liwu limodzi," anapitiriza. "Nanga iwe?"

Sindinalonjeze kuti chibwibwi chitha, pakuti ndinkadziwa kuti chimenecho si cha m'manja mwanga. Ndinati tsiku lililonse ndiziyankhula ndi munthu mmodzi amene si wa pakhomo pathu, ndi pakamwa, osati ndi chala. Amayi anandigwira dzanja ngati momwe amagwirana akuluakulu akamaliza nkhani.

Chaka chatsopanocho chinayamba ndi njala. Januwale ndi Febuluwale tinkasoka fodya wa eni ake kuti tipeze ufa, tikamaliza n'kumasoka wathu wochepa uja. Manja ankada ndi phula la masamba, fungo lake likumamatira mpaka mu tsitsi. M'chigafa mmenemo ndinatulukira kanthu. Ndikamalasa tsamba ndi singano, n'kutchula liwu limodzi pa tsamba lililonse, mawu ankatsatana bwinoko. Ndinayamba kumayeseza chapansipansi: tsamba, liwu, tsamba, liwu. Amayi ena amene tinkasoka nawo anafunsa ngati ndikupemphera. Ndinawayankha kuti ayi, ndikuphunzira kuyankhula, ndipo iwowo anakhala munthu wanga wa tsiku limenelo.

Sizinayende bwino masiku onse. Ulendo woyamba amayi atandituma kumsika wa Santhe kukagula mchere ndi usipa, wogulitsa anatopa nane n'kuyamba kuthandiza wina, ine n'kubwerera ndi thumba lopanda kanthu. Tinadya ndiwo zopanda mchere, ndipo tsiku la msika lotsatira anandipatsanso thumba lomwelo. Panali masiku amene dzuwa linkapendeka ndisanayankhule ndi aliyense, ndiye ndinkakaima panjira kudikira wina wodutsa pa njinga kuti ndimupatse moni. Panalinso masiku amene ndinangolephera, ndipo ndinkauza amayi kuti lero ndalephera. Teremu yachiwiri ndinakweza dzanja m'kalasi kwa nthawi yoyamba. Aphunzitsi anadzidzimuka kuposa ine. Ena anaseka, koma yankho linali lokhoza.

Amayi nawo ankamenya yawo nkhondo. Ndinkawaona akuluma mlomo, liwu langa lili kale pa lilime pawo. Tsiku lina titatuluka m'tchalitchi, amayi abusa anandifunsa kalasi imene ndili, ndipo ndisanamalize, amayi anga anangoti, "Sikisi." Pomwepo anadzimenya pakamwa ndi chikhatho. "Pepa, mwana wanga. Funsaninso, amayi, ayankhe yekha." Amayi abusa anadabwa, koma anafunsanso. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti lonjezo lawo linali lolemera ngati langa.

Mu Okutobala anaitanitsa msonkhano wolembera mayina a olandira makuponi, pabwalo lomwe lija, mlangizi yemwe uja. Ndinapita kungoperekeza amayi, Ganizani ali pamiyendo panga. Mlangizi ananena kuti amene sanabwere kudzatenga chaka chatha awachotsa m'kaundula kuti malo awo apite kwa ena, ndipo anawerenga mayina anayi. Lachitatu linali la amayi.

Amayi anayamba kumanga chitenje kuti aimirire. Ine sindinakonzekere chilichonse, koma ndinadziwa kuti iwo sanalipo tsiku lija, analipo ndine. Ndinawakoka dzanja, ndinamutsitsa Ganizani, ndinaimirira.

"A-a-amayi sa... sa... sa..."

Kuseka kunayamba chakumbuyo monga kale. Mayi wina wachifundo amene anakhala pafupi nafe anafuna kundithandiza. "Akuti amake anali ku..."

"Musiyeni!" Liwu la amayi linamveka mpaka kumakalasi. "Ali ndi pakamwa pake. Amaliza."

Bwalo linati zii. Ndinapuma, ndinagwira nsonga ya diresi langa, ndipo ndinayamba kutulutsa limodzilimodzi monga ndinkachitira m'chigafa. Ndinapunthwa kangapo, koma sindinabwerere.

"Amayi sanajombe. Anali kuchipatala ndi mwana uyu. Anatuma ine. Ndinaimirira pomwe pano ndi chiphaso chawo, koma mawu anakana. Munandiuza kuti ndikhale pansi, ndinakhala. Lero sindikhala pansi mpaka muwalembe."

Mlangizi anavula kapusi n'kundiyang'ana kwa kanthawi. "Ndakukumbukira," anatero. "Unavala yunifolomu." Kenaka anatembenukira kwa anthu. "Alipo angaikire umboni?"

Ndiye a Chisale, bambo achikulire a m'mudzi mwathu amene ankakonza njinga, anadzuka pang'onopang'ono. "Mwanayu akunena zoona. Tinalipo, tinaona, tinangokhala chete. Manyazi ndi athu, si ake ayi." Amayi awiri atatu anavomereza kuti eya, ndi momwemo. Mlangizi anawerama n'kulemba, ndipo anawerenga mokweza kuti aliyense amve: "Esinati Banda." Amayi, amene ngakhale pa ukwati ankangoomba m'manja mwaulemu, analiza nthungululu yaitali mpaka nkhuku za aphunzitsi zinabalalika.

Pobwerera ndinayankhula njira yonse. Ndinafotokoza momwe mtima unkagundira, momwe ndinaonera mmodzi wa anyamata onditcha Mthuthuthu akuyang'ana pansi, momwe kapusi ya mlangizi inalili yong'ambika pamwamba. Ndinapunthwa pafupifupi pa chiganizo chilichonse ndipo sindinasamale. Titafika pa mlatho wa mitengo wa kufupi ndi kwathu, amayi anaima n'kugwira m'chiuno. "Koma iwe, makutu anga awa ndi omwewa, ndilibe ena. Chaka chamawa ulonjeze zopumirako." Tinaseka mpaka Ganizani anayamba kulira poganiza kuti tikuseka iye.

Matumba awiri a feteleza anafika pakhomo pa njinga ya a Chisale, amene anakana kulandira chilichonse. Chaka chimenecho chimanga chathu chinandipitirira msinkhu, ndipo pokolola tinachita kuwonjezera nkhokwe.

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndipo chibwibwi sichinathe. Ndikatopa kapena ndikakwiya chimabwera ndithu, ndipo ndinasiya kuchita nacho manyazi. Chaka chikamatha ndimamva anthu akulonjeza zinthu zikuluzikulu, nyumba, galimoto, moyo watsopano, koma samafuna kutchula pamene anagwera m'chaka chimene chikupitacho. Ine ndinaphunzira kuti lonjezo limagwira pokhapokha wayamba wanena zoona za dzulo, ndipo liyenera kukhala laling'ono moti mawa m'mawa ungathe kuliyamba. Ndinaphunziranso chimene pa zaka khumi ndi ziwiri sindinkachiona bwino. Anthu a kwathu akamakumbukira tsiku lija amatama ine, koma ine ndinaima mphindi zochepa chabe. Amayi anakhala miyezi khumi akuonerera mwana wawo akuvutika ndi mawu amene iwo akanatha kuwanena m'kamphindi, ndipo anadzigwira. Mwana wanga wamkulu akamamanga zingwe za nsapato mokhotakhota, ife tikuchedwa kutchalitchi, manja anga amayabwa. Ndimawabisa kumbuyo, n'kudikira.