Neti ya pa Machila Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anayamba kunditenga kukalondera chimanga kumunda kwathu ku Mwape. Anyani a kumeneko sadziwa Lamulungu, choncho tinkagonera komweko mpaka chimanga chiume. Aliyense anali ndi machila ake, matumba a feteleza osokerera pamodzi, omangidwa ndi luzi pakati pa mitengo iwiri. Machila a bambo anali otero basi, mfundo imodzi kuno, ina uko.

Anga ndinawasandutsa nyumba. Ndinaika denga la pulasitiki, thumba la mondokwa, zitini zolira pachingwe, ndi neti ya udzudzu imene amayi anandipatsa, yomangidwa mbali zonse.

Tsiku lina masana, bambo atapita kumtsinje, anyani anatsika m'phiri. Ndinadzambatuka, koma mwendo unakola chingwe cha zitini, denga nkundigwera kumutu. Pomwe ndimadzimasula, mizere ya m'mphepete inali itathyoledwa kale.

"Iwe, wabwela kulonda kapena kumanga sitolo?" anatero bambo atabwerako. "Chotsa vonse ivi lelo lomwe."

Ndinachotsa denga, zitini ndi thumba, pakuti pamenepo ananena zoona. Neti ndinaisiya, ndinangoimanga kuti izitseguka mbali imodzi.

"Na iyo," anatero.

"Iyi yokha iyai, atata. Udzudzu wa kuno siwoseka nawo."

Mkwapulo unandipeza m'miyendo. Ndinalira, koma neti sinatsike. Iwo ankati munthu wobadwira kuchigwa utsi wa chikuni umamukwanira, ndipo kuyambira pamenepo ankandiyankha ndi mphuno.

Chimanga chisanaume, bambo anayamba kunjenjemera dzuwa likuswa mtengo. Anali malungo. Amalume atafika ndi anzawo, machila a bambo anamasuka ndi kukoka kumodzi, monga momwe eni ake ankadzitamira nthawi zonse, ndipo anawanyamulira momwemo kupita kuchipatala. Ine ndinatsala ndi munda wonse, ndili ndi mantha komanso mkwiyo, ndipo ndinaulondera mpaka kukolola.

Lero ndimavomereza kuti katundu wochuluka amakola miyendo, ndipo paulendo ndimanyamula zochepa. Koma chinthu chimene chikusunga moyo sinditaya chifukwa choti wamkulu wakalipa. Bambo anachira, nakhala zaka zambiri osanenapo kuti ndinakhoza. Inenso sindinapepese.