Kandulo ya pa sitepe yomaliza

Ena mudzati ndapeka, poti ife ogwira ntchito kunja timadziwika ndi nkhani zothira mchere, koma iyi ndilibe chopindula nayo, ndipo Mulungu amene ndimamugwadira kasanu pa tsiku ndiye mboni yanga. Mayina sinditchula, ngakhale la mudzi umene izi zinachitikira, limenenso lilime langa silinalithe kulitchula.

Kwathu ndi ku Machinga, ndipo nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina ku Al Mirqab, kuno ku Doha. Korona anatigwira tonse m'nyumbamo. Ine ndinachira koma mphuno zinafa, moti anyezi akamapserera ndinkadziwira utsi basi. Maulendo atatsegulidwa, tonse titabayitsa katemera, abwana anati banja likapume ku dziko lina lamapiri, maola atatu pa ndege, kumudzi wa alimi a mphesa. Musadabwe kuti Asilamu ankafunako chiyani kwa opanga vinyo, munthu amene watsekeredwa m'nyumba miyezi yonse ija, kunja kuli mchenga wokhawokha, amangofuna kuona chobiriwira. Ine ananditenga monga amatengera sutikesi.

Tinafikira pa nyumba ya alendo ya bambo ena achikulire, a ndevu zoyera ndi manja okhakhala ngati a malume anga. M'mawa ankatenga abwana ndi ana kukakwera mahatchi, kukaona mathithi, kapena kukwera phiri kukaona tchalitchi chakale chamiyala, ndipo masana ankawapatsa madengu kuti azithyola mphesa uku akujambulana. Ine ndinkatsatira m'mbuyo ndi zikwama ndi mabotolo a madzi. Chilankhulo sitinkamvana, koma tsiku loyamba lomwe, ataona kuti ndaimirira ena akudya, anandikokera mpando n'kundiika tsango la mphesa m'manja. Zaka zitatu zonse ku Doha panalibe amene anandikokerapo mpando.

Tsiku lachinayi madamu anati ndisatsatire, nditsale ndikonze chakudya chokadyera kumtsinje, ndipo mkaka ndiuike pozizira. Firiji inali yodzaza. Kuseri kwa nyumba ndinapeza chitseko chotsegula ndi masitepe amiyala otsikira m'chipinda chapansi, mozizira bwino, mmene munali mitsuko ikuluikulu ya mphesa zofinya, zikuwira chapansipansi ngati masese. Pa sitepe yomaliza panali kandulo pa sosala, itazima, chingwe chake chikufukabe kautsi.

Tsono inu amene munagwirapo ntchito ya m'nyumba, mukanatani? Ife anatiphunzitsa kuti wantchito wabwino sadikira kuuzidwa, komanso kwathu kandulo saika pansi, imakhala pamwamba kuti iwalire onse. Ndinatsika, ndipo nditawerama ndinamva chizungulire, mtima n'kuyamba kuthamanga, koma ndinati ndi masiki imene ndinavala kumaso ndi zotsalira za korona, poti kupuma kunkandivutabe. Fungo sindinamve lililonse. Ndinaitola kandulo ija, ndinakwera nayo masitepe angapo, ndinaiyatsa ndi laita imene ndinkayenda nayo yoyatsira makala a lubani wa madamu, n'kuikhazika pa mwala wina wotuluka pakhoma, cha paphewa panga. Inayaka bwinobwino. Mkaka ndinausiya pa sitepe yapamwamba, ndipo ndinabwerera kukhitchini ndili wokondwa kuti nanenso ndawachitirako kanthu bambo aja.

Posakhalitsa ndinawaona pawindo akubwera okha, atasiya alendo kumunda ndi mwana wawo, bambo wandevu zake nayenso. Anasuzumira pachitseko paja, anaona kuwala, n'kutsika atanyamula mtengo wotakasira. Sindinamve kugwa, sindinamve kukuwa. Ndinamaliza kudula nkhaka, ndinakulunga buledi, ndinaswali, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti panadutsa nthawi yaitali bwanji.

Anawapeza ndi mwana wawoyo atabwera kudzawaitana. Ndinamuona akukoka mpweya wambiri pakhomo, n'kuthamangira pansi, n'kutuluka akuwakoka m'khwapa, iye mwini akudzandira. Anawagoneka pa udzu, milomo itada, nsapato imodzi itatsala m'kati. Mayi a panyumbapo anagwada n'kumawapukuta kumaso ndi epuloni. Ine ndinaima ndi thireyi m'manja, ndipo chimene ndinkaganiza n'chakuti nkhaka zifota padzuwa.

Ambulansi itapita, munthu amene ankatanthauzira abwana anafotokoza m'Chingerezi, ine ndikumva. Anati mphesa zikamawira zimatulutsa mpweya wosaoneka koma wolemera, umene umadikha pansi ngati madzi m'dzenje, ndipo munthu akaweramiramo amangogona osadzukanso. N'chifukwa chake kumeneko amaika kandulo pansi penipeni, ikazima ndiye kuti musalowe, tsegulani zitseko mudikire. Mwana wawo uja anali atanyamula kandulo ija, ikuyakabe, akufunsa aliyense kuti inakwera bwanji pakhoma, poti bambo ake chibadwire sanaiikepo pamwamba. Anansi anati ndi ukalamba, munthu amaiwala. Abwana anatifunsa tonse ngati wina analowamo, ndipo ine ndinati ndinangosiya mkaka pakhomo.

Mundifunse kuti ndinabisiranji. Pasipoti yanga inali m'chikwama cha madamu, apolisi a dziko limenelo sindikanamvana nawo, ndipo ana anga atatu ku Machinga amadya za m'manja mwangamu. Zifukwa zimenezi ndinazipeza pambuyo pake. Pa nthawiyo sindinaganize chilichonse, pakamwa panangoyankha pokha, laita ili m'thumba la diresi.

Tinanyamuka m'mawa mwake. Titafika ku Doha anatiika pambindikiro, ndipo tili momwemo madamu analandira uthenga pafoni wakuti bambo aja amwalira kuchipatala osatsitsimuka. Anati tonse ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera, kenako anandiuza kuti ndisite malaya a ana. Ndinasita onse, ndi makolala omwe.

Lamulo latsopano litayamba kugwira bwino, lija lolola munthu kusintha ntchito popanda kalata ya abwana, ndinachoka panyumbapo. Sanandilakwire, koma madamu ankakonda kuonetsa alendo zithunzi za ulendo uja, ndipo pa chimodzi bambo aja akuseka atagwira chingwe cha hatchi. Pano ndimakolopa m'maofesi, ndimagona ku Umm Ghuwailina m'chipinda cha amayi asanu. Kapitawo wathu amadandaula kuti ndine waulesi, ndimachita chokhacho chimene ndauzidwa, pepala likagwa pansi ndimayamba ndafunsa mwini wake. Mphuno zinatseguka patapita chaka, koma misozi sinabwere, ndipo ndikafuna kumva chisoni ndimapeza m'kati muli zii, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Anzanga akagula mphesa Lachisanu ndimati zimanditsegula m'mimba.

Ndimakhulupirira kuti tsiku la bambo aja linalembedwa kale, monga linalembedwa la aliyense, koma ndimakhulupiriranso kuti linadzera m'dzanja langa lamanjali, ndipo kuti tsiku lina ndidzafunsidwa, osati za kandulo yokha, koma za yankho lija ndinapereka kwa abwana, mwana wa bambo aja ataima patsogolo panga. Amati safunsa anadya phula, koma ine sindinafunse ndipo phulalo anadya wina.

Ndiye abale anga amene mukupita kwa eni, kaya ndi pantchito kaya mwangoperekeza mabwana kokaona malo, mukapeza chinthu chili pamene mukuona ngati si pake, chisiyeni pomwepo. Funsani, ngakhale ndi manja ngati chilankhulo simumva, ndipo akakusekani kuti ndinu mbuli musadandaule. Ine sindinali waulesi tsiku limenelo, sindinalinso ndi mtima woipa. Bambo aja anandikokera mpando, ndipo ndinkangofuna kuwathokoza.