Chaka Chimene Ndinakana Kubatizidwanso

Ndikukumbukira kulira kwa madzi akudonthera m'ndowa yachitsulo. Chinali chaka cha chilala chija, mzinda wonse wa Cape Town ukuwerenga masiku oti mipopi iume. Kwathu ku Kraaifontein tinkasamba titaima m'beseni, madzi osambawo n'kuchapira zovala, ochapirawo n'kukathira kuchimbudzi. Mpopi wapanja unkadontha, ndipo agogo anatcherapo ndowa kuti ngakhale dontho limodzi lisapite pansi. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Amayi anamwalira ku Ntcheu ndili ndi zaka zinayi, bambo sindinawaonepo, ndipo agogo, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Bellville, anakanditenga n'kubwera nane kuno.

Tinkapemphera m'galaja ya abusa Mhango, bambo wamtali wa ku Rumphi amene mkati mwa sabata ankapinda makatoni pafakitale ina ku Epping. Mpingo umenewu ndi umene unawalandira agogo atangofika, alibe ndi pogona pomwe. Chiphunzitso chake chinali chakuti Mulungu ndi mmodzi, wosagawika patatu, ndipo munthu amabatizidwa pomizidwa thupi lonse m'dzina la Yesu lokha. Agogo anali atabatizidwanso kalekale. Chaka chimenecho inali nthawi yanga.

Ubatizo unkachitikira kuseri kwa galajayo, m'dziwe lapulasitiki la buluu, losewereramo ana. Koma pa chilala chija kudzaza dziwe unali mlandu, ndipo anthu oyandikana nafe anali ndi maso. Abusa anati tidikire apeze takisi yotipititsa kunyanja. Ine ndi anzanga oyembekezera ubatizo tinadikira masabata asanu, abusawo akutiphunzitsa Loweruka lililonse. Mvula ikanagwa bwino, bwenzi nditamizidwa sabata yoyamba yomweyo, osafunsa kanthu.

Loweruka lachiwiri anatifotokozera kuti Akhristu oyambirira sankadziwa za Utatu. Anati nkhaniyo inadza patapita zaka mazana, mabishopu atasonkhana poitanidwa ndi mfumu ya Aroma, ndipo aliyense amene anathiridwa madzi pamutu m'dzina la Atate, la Mwana ndi la Mzimu Woyera anangonyowa chabe. Anzanga anaseka. Ine sindinaseke. Ndinkadziwa kuti amayi anabatizidwa motero kumudzi, ndipo anandibereka kumsana ndili khanda kukandibatizitsa motero. Ngati ine ndinangonyowa, nawonso anangonyowa, ndipo iwo mwayi wokwera takisi ya kunyanja analibenso.

Agogo sindinawafunse. Dzina la amayi likatchulidwa m'nyumba mwathu, iwo ankapeza chochita panja. Ndinali mwana wachete, wozolowera kuyang'ana nkhope za akuluakulu n'kumadziyankha ndekha. Koma funso ili linakana kukhala m'mimba.

Woyamba kumufunsa anali Che Jafali, telala wachisilamu wa ku Mangochi amene ankasokera m'kontena pafupi ndi siteshoni ya sitima. Agogo anandituma kuti akandiyeze mkanjo woyera wa ubatizo. M'kontenamo munkatentha ngati mu uvuni, mukununkhira mafuta a makina ndi nsalu zatsopano. Akundiyeza mapewa, mapini ali kukamwa, ndinangofunsa ngati otsatira a Yesu oyambirira ankati Mulungu ndi mmodzi kapena atatu. Analavulira mapiniwo m'dzanja n'kundiyang'ana, chifukwa anali asanandimvepo ndikunena zoposa moni.

"Iwe, mkanjo ndikusokere ine, chipembedzonso ndikusokere ine?" anatero akuseka. "Ife anatiphunzitsa kuti mmodzi basi, ndipo Isa, amene inu mumati Yesu, naye ankagwadira mmodzi yemweyo. Koma buku ndi lanu. Kaliwerenge wekha. Ife akuluakulu tonse timangofuna kupambana."

Potuluka ndinatola pansi zidutswa za ulusi, wobiriwira ndi wofiira. Ndikaweruka kusukulu, agogo asanabwere kuntchito, ndinkakhala pakhomo ndi buku lawo la malemba n'kumawerenga gawo lonena za Yesu ndi atumwi ake. Pamene panalembedwa kuti Mulungu ndi mmodzi, kapena pamene munthu anabatizidwa m'dzina la Yesu lokha, ndinkaika ulusi wobiriwira. Pamene atatuwo atchulidwa pamodzi, kapena pamene anthu akupemphera kwa Yesu ngati kwa Mulungu, ndinkaika wofiira. Ndinkaganiza kuti pomaliza ndidzangowerenga ulusiwo ngati zigoli za mpira. Lamlungu lina agogo anatsegula bukulo m'galaja, ulusi n'kuyoyokera pamiyendo pawo. Ananong'ona kuti buku lawo lamera ndevu, koma anautola n'kuubwezera, ngakhale anauika m'masamba olakwika.

Zimene ndinapeza zinandidabwitsa kuposa kundiopseza. Mawu akuti Utatu sindinawapeze paliponse. Pamenepo abusa ananena zoona. Koma ndinapeza tsamba limene atumwi akulamulidwa kubatiza m'maina atatu, ndipo patsogolo pake atumwi omwewo akubatiza m'dzina la Yesu, popanda wina wodzuka kuti mwalakwitsa. Anthu amene ankanenetsa kuti Mulungu ndi mmodzi ndi omwewonso ankamuitana Yesu m'pemphero pamene akuphedwa. Ankakangana ndithu anthu amenewa: za zakudya, za mdulidwe, za amayi amasiye amene ankamanidwa pogawa chakudya. Za funso langa lokha sindinawapeze akukangana. Ndinkawaona m'maganizo mwanga ngati anthu a mumsewu mwathu, obwera, otanganidwa, opemphera m'nyumba za anzawo, osadziwa kuti mwana wina ku Kraaifontein adzawaikira ulusi.

Loweruka lomaliza ndinatsalira anzanga atapita. Abusa ankasanja mipando yapulasitiki. Ndinawapatsa buku la ulusi lija. Sanakwiye. Anatsegula pa ulusi wofiira umodzi ndi umodzi, nandiuza modekha kuti Atate, Mwana ndi Mzimu ndi maudindo chabe, dzina lenileni ndi limodzi, ndipo atumwi ankadziwa zimenezo. Anafotokoza bwino, ndipo mpaka lero sindinganene kuti ankandinamiza. Ankakhulupirira zimene ankanena.

"Nanga amayi anga, abusa?" ndinafunsa.

Anasanjika mpando pamwamba pa unzake. "Za akufa amadziwa ndi Mwini wake, mwana wanga," anatero. "Ine ndimayankha za amoyo." Kenako anandikumbutsa kuti takisi idzanyamuka seveni koloko Loweruka likubweralo.

Masiku ano mwana wa funso ngati langa amangolilemba pafoni, n'kulandira mayankho ochuluka asanamalize kumwa tiyi. Inenso ndakhala ndikuwerenga. Ophunzira ena amati mbewu ya Utatu inalipo kuyambira pachiyambi, mawu ake okha ndi amene anachedwa. Ena amati zimene zinabwera pambuyo pake zinali zatsopano. Abusa Mhango anabwerera ku Rumphi, m'galaja muja muli saluni, ndipo mipopi ikutuluka madzi ngati sipanakhalepo chilala. Funsolo ndikadali nalo, ndipo limandisangalatsa. Koma m'mawa wa Loweruka lija silinali losangalatsa.

Takisi inali ikuliza hutala pakona. Mkanjo unali pampando, wositidwa bwino. Agogo anali atavala kale zoyera, akulongedza thawulo m'chikwama. Ndinkadziwa chimene kukana kwanga kudzatanthauze kwa iwo: kukaima okha pamchenga, pamaso pa anthu amene anawapatsa pogona, mdzukulu wawo yekhayo palibe.

"Agogo, ine sindipita," ndinatero. "Ndikalowa m'madzimo ndiye kuti ndavomera kuti amayi anangonyowa."

Anasiya thawulolo. Hutala inaliranso kachiwiri. Ndinayembekezera kukalipiridwa, kapena kuti atuluke panja monga mwa nthawi zonse. M'malo mwake anagwada movutikira, nakoka sutikesi pansi pa bedi, n'kufufuza mpaka pansi penipeni. Anatulutsa kapepala kolimba, kokulungidwa m'jumbo ya shuga. Linali khadi la ubatizo wanga, la chidindo chofufuma cha tchalitchi cha kumudzi. M'munsi mwake, pa mzere wa kholo, panali dzina la amayi, la inki ya buluu, zilembo zake zopendekera kumanzere ngati zanga. Ndinali ndisanaonepo kalembedwe kawo.

"Analemba yekha mayi akoyo," anatero agogo akundipatsa. "Ulisunge pouma."

Anamanga duku, nanyamula chikwama, n'kutuluka kupita kutakisi.