Ndinathamangitsa amuna anga chifukwa cha tsitsi lothothoka

Inu owerenga, ine ndine mayi amene ndinapasula banja langa ndi pakamwa panga, ndipo chimene chinayambitsa ndi tsitsi. Mwina wina aseka, poti tsitsi timameta pamaliro n'kumeranso. Koma ine sindinkadziwa kuti limene limathothoka munthu akaonda mwadzidzidzi nalonso limabwerera. Pamene ndinkadziwa n'kuti zinthu zitaonongeka kale.

Kwathu ndi kufupi ndi Namadzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndinkaluka tsitsi pakhonde la sitolo ina pamsikapo. Kunkabwera aphunzitsi, atsikana ogulitsa tomato, ngakhale akwatibwi ochokera kutali. Ambiri ankakopeka ndi mutu wanga womwe, chifukwa tsitsi langa linali lambiri, lakuda bii, lovuta kupesa. Amuna anga, bambo a Tamanda, ankakonza njinga pafupi ndi siteji ya maminibasi. Ankakhala kwathu pachikamwini. Anali munthu wofatsa, wosamwa mowa, woti akakwiya amangotuluka kukapalira kudimba. Tinali ndi ana awiri, Tamanda ndi mng'ono wake.

Ndinali mayi wathupi ndithu. Nthawi ina mutu unayamba kundipweteka kawirikawiri, ndikawerama n'kumaona chizungulire. Kuchipatala anandiyeza n'kundiuza kuti magazi akuthamanga kwambiri. Namwino anati ndichepetse mchere ndi mafuta, ndiziyenda, thupi litsike pang'onopang'ono. Mawu akuti pang'onopang'onowo sindinawamve. M'mutu mwanga munali mayi anga, amene anafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha vuto lomweli. Ndinawasamalira ndine, kuwatembenuza pamphasa ndi kuwamwetsa phala mpaka tsiku limene anatisiya. Ndinalumbira mumtima kuti ana anga sadzanditembenuza choncho.

Ndiye ndinasiya kudya. M'mawa ndinkamwa madzi otentha ofinyiramo mandimu. Masana nthochi imodzi, kapena osadya n'komwe. Madzulo mpiru wowiritsa wopanda nsinjiro. Nyemba, mazira, usipa, zonse ndinazisiya chifukwa mnzanga wina anandiuza kuti zimanenepetsa. Ndinagulanso mankhwala a m'botolo kwa bambo wina woyendayenda pamsika, amene ankati amatsuka mafuta m'mimba. Kunena zoona ankangonditsegula m'mimba basi. Amuna anga ankandidandaulira kuti, "Amake Tamanda, akuchipatala anati muchepetse, sanati mudziphe." Ine ndinkawayankha kuti thupi ndi langa.

M'miyezi iwiri yokha ndinatha ngati sopo. Madiresi ankangolendewera, mafupa a pakhosi ali poyera. Mphamvu zoima tsiku lonse ndikuluka zinayamba kundithera, choncho ndinayambanso kudyako pang'ono, ndipo ndinkaganiza kuti nkhani yatha pamenepo.

Patapita miyezi ngati itatu, tsiku lina ndikupesa ndinaona chipeso chadzaza tsitsi. Ndinachotsa, n'kupesanso, chinadzazanso. Posamba linkatsalira m'manja, podzuka ndinkalipeza papilo. Silinkachoka malo amodzi ayi, linkangopepuka mutu wonse mpaka khungu kumaonekera. Popeza n'kuti nditayambiranso kudya, sindinaganizeko n'komwe kuti likugwirizana ndi njala imene ndinadzipatsa ija.

Inu amene munalipo zaka zimenezo mukukumbukira mmene zinthu zinalili. Maliro anali paliponse, ndipo aliyense anali atasanduka dokotala wa maso. Munthu akaonda, tsitsi n'kupepuka, anthu ankangotsinana n'kunena kuti ameneyu watenga kachilombo. Mayi wina amene ndinkamuluka mwezi uliwonse anandiyang'ana m'mutu tsiku lina, n'kunena kuti wakumbuka kuti wasiya mwana yekha kunyumba. Sanabwerenso. Ena anayamba kubwera ndi zipeso zawo. Kenaka anangosiya kubwera.

Apa ndinalakwitsanso kachiwiri. Pofuna kubisa, ndinapaka mankhwala owongolera tsitsi, aja oyabwa, ndipo ndinawasiya nthawi yaitali poganiza kuti tsitsi likawongoka liphimba mipata. Anandiwotcha khungu. Zilonda zisanapole ndinauza mtsikana amene ankandithandiza kuti andiluke meshi, akoke zolimba makamaka kutsogoloku. Ndinkagona chokhala chifukwa cha ululu. Pomasula, tsitsi la pachipumi linachoka limodzi ndi meshiyo. Tsopano ndinali woonda, wothothoka tsitsi, wa zilonda m'mutu. Nanenso ndinakhulupirira zimene anthu ankanena.

Ndipo nditakhulupirira, ndinayamba kufunafuna amene wandibweretsera. Ine ndinkadziwa kuti sindinayendepo. Amuna anga ankapita ku Limbe kukagula zipangizo za njinga, ndipo masiku ena ankachedwa kubwera. Maulendo amene kale sindinkawaganizira anasanduka umboni. Ndinasiya kuwaphikira, ndinasamukira kuchipinda kwa ana. Iwo anandipempha kangapo kuti tipite tonse tikayezetse magazi. Ndinakana. Ndinkati ndikayezetse chiyani pamene zizindikiro zili pamutu. Koma zoona zake, inu owerenga, ndinkaopa. Mankhwala otalikitsa moyo n'kuti asanafalikire kwathu kuno, ndipo ndinkaona ngati kumva zotsatira n'kulandira tsiku la imfa.

Ndinaitanitsa ankhoswe. Anabwera amalume anga, kuchimuna kunabwera achimwene awo a bambo a Tamanda ndi alongo awo. Anthu oyandikana nafe anaima kuseri kwa mpanda kumvetsera. Ndinavula duku pamaso pa onse n'kunena kuti taonani zimene munthu uyu wandichita, wanditengera matenda kwa akazi ake a m'tauni. Ndinalankhula zambiri zimene sindingazilembe pano. Amalume anayesa kundiletsa, anati mawu otere sanenedwa popanda umboni wa kuchipatala, koma ine ndinati mudzi ndi wathu, achoke.

Amuna anga anaimirira. Kenaka anati, "Pamaso pa Mulungu, ine sindinagonepo kunja. Koma poti mwaweruza kale, ndinyamuka." Anamangirira bokosi la zitsulo zawo panjinga, pamwamba n'kuika bulangete limodzi. Tamanda anawathamangira mpaka kumsewu akulira, ine ndili chikhalire pakhonde.

Kuchokera pamenepo ndinangokhala m'nyumba kudikira imfa. Pamsika ndinasiya kupita. Ndinafika pouza achemwali anga aakulu mmene adzagawanire ana. Tsiku lina ndinakomoka pachitsime, ndipo achemwaliwo sanandifunse maganizo, anangonditengera kuchipatala cha mishoni. Kumeneko ndinalibenso mphamvu zokana, ndinavomera kuyezedwa. Anandiuza kuti kachilombo ndilibe. Ndinawatsutsa. Anandiuza kuti ndidzabwerenso patapita miyezi, ndipo nditabwerera zotsatira zinali zomwezo. Chimene anandipeza nacho ndi kuchepa kwa magazi.

Dokotala wake anali bambo wachikulire, wodekha. Anandifunsa ngati ndinadwalapo kwambiri, kapena kubereka, kapena kuonda msangamsanga miyezi ingapo tsitsi lisanayambe kuchoka. Nditawafotokozera za mandimu ndi botolo lija anapukusa mutu. Anandiuza kuti thupi likasowa chakudya limayamba lasamala mtima ndi ziwalo zina zofunika, tsitsi n'kulisiya kaye. Tsitsilo siligwa pomwepo, limadzagwa patapita miyezi iwiri kapena itatu, munthu ataiwala kale chimene chinachitika. Anati mizu yake imakhala ili moyo, ndipo munthu akayamba kudya bwino limamera lokha. Pachipumi pokha ndi pamene anakayika, chifukwa cha zipsera za mankhwala ndi kukoka kuja.

Ndinatuluka panja n'kukhala pansi pa mtengo, ndinalira mpaka achemwali anachita manyazi. Anthu odutsa ankaganiza kuti andipeza nako kachilombo.

Ndinachita zimene anandiuza. Ndinamwa mapilitsi owonjezera magazi amene anandipatsa. Ndinabwerera ku nyemba, nandolo, usipa, bonongwe wotendera, ndi dzira nkhuku ikaikira. Tsitsi lotsalalo ndinalidula lalifupi, osalipaka mankhwala, osaliluka, kungolitsuka ndi kulidzoza mafuta pang'ono. Miyezi yoyambirira sindinaone kusintha ndipo ndinatsala pang'ono kutaya mtima. Kenaka kuthothoka kunachepa, n'kuyamba kutuluka timatsitsi tofewa ngati ta khanda. Chaka chisanathe mutu unadzaza, kupatula kutsogolo kumene mpaka lero kuli mbee.

Manyazi anandichedwetsa kupita kukapepesa. Ndinkati ndidikire tsitsi limere kuti akandione ndili munthu. Pamene ndinkanyamuka ndi amalume kupita ku Njuli, kumene bambo a Tamanda anatsegula malo ena okonzera njinga za akabaza, n'kuti patapita nthawi yaitali. Anatilandira mwaulemu, anatipatsa mpando. Ndinagwada pafumbi pomwepo n'kuwauza zonse. Iwo anati anakayezetsa okha sabata imene anachoka kwathu, ndipo anapezeka alibe. Ndinafunsa chifukwa chimene sanatumizire uthenga. Anati, "Mukanandikhulupirira, amake Tamanda? Ku Namadzi anthu anasiya kundipatsa moni wa pamanja. Mayi anga anamwalira akuganiza kuti mwana wawo ndi wachiwerewere." Anati anandikhululukira kalekale, koma anali atakwatira mayi wina wa ku Ndunde, ndipo mayiyo anali woyembekezera.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, ngati akuchipatala akuuzani kuti muchepetse thupi, afunseni bwinobwino njira yake ndipo musathamange. Musasiye zakudya zomanga thupi, musamwe za m'mabotolo zosadziwika. Tsitsi likayamba kuthothoka mutaonda, mutadwala kapena mutabereka, musalikoke, musaliwotche ndi mankhwala, lipatseni nthawi. Pitani kuchipatala akakuyezeni, chifukwa maso a anthu a pamsika sayeza magazi. Ngakhale akanandipeza nako kachilomboko, kudziwa kukanandithandiza kuposa kungoganizira, ndipo ndikudziwa anzanga ambiri amene ali nako koma ali moyo, akulera ana awo. Koposa zonse, musamunenere mnzanu mlandu pagulu pa chinthu chimene simunachitsimikize. Ine ndinakana ulendo wa tsiku limodzi wokayezetsa umene mwamuna wanga ankandipempha.

Bambo a Tamanda amabwerabe kudzaona ana awo. Amaimika njinga kumpanda, n'kuodira, n'kudikira kuti wina awauze kuti lowani, pakhomo pa nyumba imene anaumba njerwa zake ndi manja awo.