Maliro a Goloboyi ku Partick

Ine pagolo anandiikapo chifukwa cha mimba. Anzanga a kutchalitchi, amene timamenya nawo mpira Loweruka pabwalo lina ku Govan, mumzinda wa Glasgow, anati munthu wotambalala ngati ine amatseka theka la golo asanasunthe n'komwe. Sananame. Vuto linali theka linalo.

Tsiku lina mvula ikuwaza, monga yakhala ikuchitira kuno chilengedwere dziko, ndinamva mawu kuseri kwa ukonde: "Tuluka iwe! Ukudikira basi pamenepo?" Ndinacheuka kuti ndimuone Mmalawi wamwanoyo. Ndinapeza mzungu wokalamba, wachipewa, atatsamira ndodo. Mpira unalowa ndili chicheukire.

Anali Mngelezi. Paunyamata wawo anali goloboyi wa timu ina ya kwawo, nthawi imene apagolo ankagwira mpira ndi manja osavala kanthu, ndipo mdani ankaloledwa kukugunda ndi phewa n'kukulowetsa mu ukonde pamodzi ndi mpirawo. Mawondo atatha anayamba kuphunzitsa matimu m'maiko a eni, mpaka anakafika pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, kumene anakhalitsa. Ntchito yawo yomaliza inali kuno ku Glasgow, ndipo itatha anangokhaliratu. Chichewa chawo chinali cha pabwalo chokhachokha. Ankadziwa kunyoza woyimbira, kuitanitsa madzi, ndi kuuza munthu kuti ndi waulesi. Kupereka moni ndiye kunkawavuta.

Zala zawo zinathyokathyoka kalekale, moti panalibe chala choloza kumene chinzake chikuloza. Mnzanga wina anawafunsa njira ya kusiteshoni, iwo n'kuloza, iye anakapezeka ku Gorbals, dera lina losiyaniratu. Amene akuti ndikuwonjezera akamufunse, alipo, amayimba besi m'kwaya yathu.

Tinkangowatchula kuti a Goloboyi. Ankakhala okha ku Partick, pamwamba penipeni pa mdadada wakale wa masitepe otha mpweya. Pang'onopang'ono anasanduka athu. Amayi a kutchalitchi ankawatumizira ndiwo m'mabakuli. Lamlungu ankakhala kumbuyo, n'kugona ulaliki wonse, ndipo abusa akatalikitsa, a Goloboyi ankadzidzimuka n'kunena mokweza kuti nthawi yatha. Abusa ankamaliza. Mpingo wonse unkawakonda chifukwa cha utumiki umenewu.

Ine anandiphunzitsa zaka zingapo osandiyamikirapo. Anati pa agoloboyi onse amene anawaona m'maiko onse aja, ine ndekha ndi amene mpira unkandimvera chisoni.

M'nyengo yozizira anadwala chibayo, n'kugonekedwa kuchipatala chachikulu cha ku Govan. Nditapita kukawaona anandisimbira za mnyamata wawo wina wa ku Thyolo amene anamwalira akusewerabe m'timu. Anati tsiku la maliro ntchito inaima pa esiteti yonse, anthu anadzaza msewu, ndipo iwo ananyamula nawo bokosi mpaka kumanda, amuna akulandizana, wina osalola kuti mnzake atope. Anati chibadwire sanaonepo munthu akuperekezedwa chotero. Kenaka anandigwira dzanja ndi zala zawo zija.

"Ine ndikafa mudzandichitire zakwanu zija," anatero. "Kuno amangokuchotsa."

Ndinawauza kuti asadandaule, tidzawalira mpaka apolisi abwere. Anaseka, chifuwa n'kuwatsamwitsa. Koma ndinalonjeza, ndipo iwo anamva kuti ndalonjeza.

Anamwalira sabata yotsatira. Ife tinayamba zimene timadziwa. Kwaya inasankha nyimbo, amayi anagawana zophika, amuna tinakangana za amene adzayambe kunyamula. Kuchipatala anatiuza mwaulemu kuti za thupi amalamula ndi wachibale, ndipo wachibale alipo, mwana wawo wamkazi wa ku Mangalande. Tinayang'anana. Zaka zonsezi a Goloboyi anatiuza za chigoli chilichonse chimene anagoletsedwa, koma za mwana sanatchulepo.

Tinadikira masiku angapo, mpaka tinamva kuti mayiwo afika kudzachotsa katundu m'nyumba. Ndinapita ndi mkulu wa mpingo wathu, tonse titavala masuti. Anatitsegulira mayi wa imvi, wachibwano chenicheni cha bambo ake. Mkulu wa mpingo anapepesa monga mwa mwambo, nafotokoza kuti ndife ndani, kenaka anafunsa dongosolo: mwambo ukachitikira kuti, nkhope tikaona liti.

Mayiwo anati zonse zinatha dzana m'mawa. Analipira kampani ina imene imatenga thupi n'kukaliwotcha popanda mwambo, popanda munthu woperekeza. Phulusa adzawatumizira kwawo.

Mkulu wa mpingo wathu ndi munthu woti akayamba pemphero la chakudya, chakudyacho chimafunika kutenthetsanso. Tsiku limenelo anangotembenukira kwa ine. Ndinayankhula ndine. Ndinati ndinawalonjeza bambo anu. Ndinabwerezanso, ngati kuti kubwereza kungabweze kanthu.

Sanakwiye. Anakhala pa katoni ya mabuku, n'kutiyang'ana.

"Bambo anga anatuluka pakhomo ndili kamwana, kupita kukaphunzitsa ana a anthu ena kugwira mpira," anatero. "Amayi anamwalira iwo ali kunjako. Tinawadikira pamaliro. Sanabwere. Ngati mukufuna kuwalira, alireni, inu munawadziwa. Ine ndinalira kale."

Anatisiyira kiyi, n'kuti tidzaponye m'kabowo ka makalata pachitseko tikamaliza.

Loweruka masana tinakhuza maliro opanda mtembo. Katundu anali atachoka kale, choncho amayi anayala zitenje pansi m'chipinda chochezera, amuna tinakhala pamasitepe kuchokera pamwamba mpaka pakhomo la kumsewu. Mayi wina wa ku Scotland wa nyumba yapansi anatuluka kuti adandaule za phokoso, atamva kuti ndi za mkulu wa pamwamba uja anabwerera, n'kutulukanso ndi ketulo.

Popanda wowauza, amayi anasiya malo pakati pa chipinda, aatali ngati munthu wogona. Nyimbo zonse anayimba atayang'ana pamenepo. Mwana wina atafuna kudutsapo, amake anamukoka mwendo.

Ulaliki utatha, mkulu wa mpingo anaimirira. Kenaka ananena, monga amanenera pamaliro alionse, kuti tsopano ndi nthawi yoona nkhope, ayambe ndi amuna. Palibe anaseka. Tinadzuka pamasitepe paja, tinavula zipewa, n'kufola. Ine anandiika patsogolo.

Nditafika kumene tinagwirizana kuti ndi kumutu, ndinawerama. Panali kapeti yotuwa, ndi timaenje tinayi pamene panali miyendo ya tebulo. Ndinati pepani achikulire, tinachedwa. Kenaka ndinasuntha kuti wapambuyo panga aone.